Tapeza sponsa wa timu yathu ya basketball ku Mangochi: tilembe kochi uti, ndipo timulipire zingati?

Funso

Ndine wapampando wa timu ya basketball ya anyamata kuno ku Mangochi Boma. Tasewera zaka zisanu popanda wolandira kanthu, koma tsopano bambo wina wa bizinesi ya malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja walonjeza kutipatsa K30 miliyoni pachaka kwa zaka ziwiri kuti tiyambe kulipira osewera ndi kochi. Amene ankatiphunzitsa amusamutsa kuntchito, wapita ku Mzuzu. Tili ndi anthu atatu. Woyamba ndi kochi wotchuka wa mumzinda, akufuna K900,000 pamwezi, nyumba, ndi kontirakiti ya zaka ziwiri, ndipo sponsa wathu mtima wake uli pa ameneyu. Wachiwiri ndi kaputeni wathu wakale, masapota amamukonda kwambiri koma sanaphunzitsepo timu. Wachitatu ndi mphunzitsi wa pasekondale amene wakhala wachiwiri kwa kochi wathu zaka zitatu. Komiti yagawanika. Tisankhe bwanji, ndipo malipiro oyenera ndi otani?

Yankho

A Tcheya, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo choyamba ndikuyamikireni. Kusunga timu zaka zisanu pa Mangochi, mukusonkherana ya minibasi, mipira mukugula ndi za m'thumba mwanu, si chinthu chapafupi. Ine ndakulira pa bwalo la basketball, poyamba ngati wosewera, kenako kochi, ndipo pambuyo pake ndakhala m'makomiti olemba ndi kuchotsa makochi. Zina zimene ndinene pano ndinaziphunzira mowawa.

Mwafunsa za munthu ndi za malipiro. Ine ndiyamba ndi malipirowo, chifukwa ndi amene amagwetsa matimu. Makomiti ambiri akakhala pansi amayang'ana ndalama ya mwezi umodzi: kodi K900,000 tingaikwanitse? Koma mukasainirana zaka ziwiri, tsiku lomwelo mwagula miyezi 24 yonse, kaya timu izipambana kaya izigonja, kaya sponsa akhalapo kaya alendo asiya kubwera kunyanja. Mtengo weniweni wa kochi mudzauona tsiku limene mudzafune kusiyana naye, ndipo tsiku limenelo muyenera kuliwerengera lero, cholembera chisanakhudze pepala.

Ngakhale kumene kuli ndalama zankhaninkhani zimenezi zimawaluma. M'chaka cha 2023 timu ya Detroit Pistons ya mu ligi ya NBA ku America inalemba Monty Williams pa kontirakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi, ya madola 78.5 miliyoni. Panthawiyo panalibe kochi wa NBA amene anasainirapo ndalama zochuluka chonchi. Sanali munthu wamba: anali atafikitsa Phoenix Suns mu ndime yomaliza mu 2021, ndipo mu 2022 anasankhidwa kukhala kochi wabwino koposa m'ligi yonse. Poyamba iye sankafuna ntchitoyo, koma mwini timu anamukakamira ndi ndalama mpaka anavomera. Chaka chimenecho Detroit inapambana masewero 14, inagonja 68, ndipo pakati pake inagonja masewero 28 motsatizana. Mu June 2024 anamuchotsa, atatsala ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 65 miliyoni zoti amulipirebe ali kunyumba. Mwini timu ya Detroit thumba lake ndi lalitali, anapirira. Inu zoterezi zitakugwerani, timu ithera pomwepo.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala anu omwewo. K900,000 kwa miyezi 12 ndi K10.8 miliyoni. Lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro, wogwira ntchito 5, ndiye onjezanipo K1,080,000. Nyumba yoti munthu wochokera mumzinda aivomere pa boma, tiyerekeze K200,000 pamwezi, ndi K2.4 miliyoni pachaka. Banja lake mwina silisamuka, ndiye azifuna ya ulendo wokaliona, kuphatikizapo mayunitsi ndi galimoto yosamutsira katundu. Tiikepo K1 miliyoni. Zonse pamodzi zadutsa K15 miliyoni. Theka la thandizo lanu lapita kwa munthu mmodzi mpira usanadunde n'komwe. Pa zotsalazo, osewera 12 mukamawapatsa ka K60,000 pamwezi aliyense, zimenezo ndi K8.64 miliyoni. Mwatsala ndi ndalama zongopitirira pang'ono K6 miliyoni zoti mulipirire minibasi ya maulendo onse a chaka, chakudya cha panjira, oyimbira masewero, ndalama yolembetsera mu ligi, mipira, mayunifolomu, ndi chipatala cha mnyamata amene wabinya bondo pa simenti. Kuchokera pa Mangochi kukafika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo mtengo wa hayala wa ulendo umenewo mukuudziwa bwino kuposa ine. Timu ya mumzinda imakwera kabaza kupita ku gemu. Inu gemu iliyonse ya koyenda ndi bajeti payokha.

Mwa kuona kwanga, ndalama zonse za makochi, wamkulu ndi womuthandiza, malipiro ndi mabonasi omwe, zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a bajeti. Kwa inu ndi K7.5 miliyoni pachaka. Limeneli si lamulo lolembedwa penapake, ndi muyeso wanga umene ndaufika nditaona matimu akugwa. Kochi wabwino wopanda mipira yokwanira, amene osewera ake sanadye, amene timu yake yalephera kufika ku gemu chifukwa ya mafuta yasowa, sangakuonetseni ubwino wakewo. Ku NBA malipiro a kochi sawerengeredwa pa malire a ndalama zolipira osewera, ndiye mwini timu akhoza kumuunjikira mmene angafunire osewera osaluzapo kanthu. Kwanu thumba ndi limodzi. Kwacha iliyonse yopita kwa kochi yachoka m'mbale ya wosewera.

Tsopano za munthu. Musanakangane za mayina, komiti ikhale pansi ilembe papepala limodzi ntchito imene mukufuna kochiyo adzagwire. Kodi mukufuna chikho chaka chino, kapena mukufuna kuti pakatha zaka ziwiri, thandizo likadzatha, mudzakhale ndi anyamata a zaka 17 ndi 18 ochokera ku M'baluku, ku Mpondasi, ku Malindi, ku Namwera ndi ku Monkey Bay amene akudziwa mpira ndipo timu ikhoza kuimapo? Ntchito ziwirizi n'zosiyana ndipo zimafuna anthu osiyana. Kochi wa chikho amabwera ndi mndandanda wa osewera ake oti muwagule mumzinda, muwapezere pogona, muziwadyetsa. Akachoka amachoka nawo. Kochi womanga timu amathera nthawi yake m'masukulu, ndipo chaka choyamba mudzagonja masewero ena amene masapota sadzawaiwala msanga. Ngati komiti simunagwirizane pa mfundo imeneyi, aliyense amene mumulembe adzaweruzidwa ndi miyeso iwiri, ndipo pofika mwezi wachinayi theka la komiti lidzakhala likumudya miseche. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha kumanga. Thandizo la zaka ziwiri ndi lalifupi, ndipo chuma cha Mangochi ndi anyamata ataliatali amene sanagwirepo mpira wa basketball chifukwa palibe anapita kukawafuna. Bravehearts ya ku Lilongwe, imene yafika posewera m'mipikisano yolowera mu Basketball Africa League, ligi ya makalabu apamwamba a mu Africa, inadzuka chifukwa chosonkhanitsa ana, kuwasunga pasukulu ndi kuwaphunzitsa mpira kwa zaka.

Za kaputeni wanu wakale ndinena mwachidule. Musamupatse mpando waukulu chaka chino. Kudziwa kusewera ndi kudziwa kuphunzitsa ndi maluso awiri. Wosewera waluso zambiri amazichita thupi lokha likudziwa, ndiye akaona mwana akulephera chinthu chimene kwa iye n'chapafupi amapsa mtima m'malo mochigawa m'tizidutswa. Magic Johnson, mmodzi mwa osewera apamwamba amene dziko laonapo, anaphunzitsa Los Angeles Lakers masewero 16 mu 1994, anapambana 5, anagonja 11, n'kusiya. Ena adzakuuzani za Steve Kerr amene anatenga chikho ndi Golden State Warriors mu 2015, chaka chake choyamba, asanaphunzitsepo timu ina. Zoona, koma Kerr anali atayendetsapo Phoenix Suns ngati mkulu wa timu kwa zaka zitatu, ndipo anadzizunguliza ndi makochi akale pantchito monga Alvin Gentry ndi Ron Adams. Palinso vuto lina la pafupi: anyamata amene kaputeniyu ayenera kuwakhazika pa benchi ndi anzake amene dzana ankadya nawo kanyenya kumsika. Kumuika pampando lero n'kumuotcha. Muikeni kukhala wachiwiri, mumulipire, mumutumize ku maphunziro a ukochi.

Kochi wa mumzindayo sindikumukana chifukwa ndi mlendo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa mpira mawuwa ndi oona. Liz Mills wa ku Australia anayambira ukochi wake wa mu Africa ku Zambia, kwa aneba athuwa, ndipo mu 2021 anafikitsa timu ya amuna ya dziko la Kenya ku AfroBasket, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, patatha zaka 28 isanapondeko. Chaka chotsatira anakhala mayi woyamba kutsogolera timu mu Basketball Africa League, ndi AS Salé ya ku Morocco. Ndamutchula dala, chifukwa pa anthu anu atatuwo palibe mayi, pamene m'masukulu a atsikana muno muli amayi odziwa kuphunzitsa mpira amene palibe amawafunsa. Koma mlendo amathandiza pokhapokha akabwera ndi mtima wonse. Funso loti mumufunse bamboyu maso ndi maso ndi lakuti: kodi musamukira ku Mangochi, kapena muzibwera Lachinayi n'kubwerera Lamlungu? Ambiri amavomera kusamuka, koma pakatha miyezi iwiri mumayamba kumva kuti kuli maliro, kuli msonkhano, galimoto yavuta pa Liwonde. Timu imaphunzira Lolemba mpaka Lachisanu. Wobwera kudzakuwa pa gemu Loweruka si kochi wamkulu, ngakhale dzina lake litatchuka bwanji.

Mufunseninso ngati akudziwa kumene akubwera. Kuno mu October simungathamangitse anyamata pa simenti 2 koloko masana. Zokonzekera zimayamba dzuwa litapendeka, ndipo ngati bwalo lilibe magetsi muli ndi ola limodzi ndi theka basi mdima usanagwe. Ambiri mwa osewera anu ndi Asilamu: Lachisanu masana ali ku mzikiti, ndipo mwezi wa Ramadan amakhala akusala, ndiye kochi ayenera kudziwa kuchepetsa ntchito yolemetsa ndi kuisunthira nthawi imene anyamata amasula. Ena ndi ana a asodzi amene usiku anali panyanja. Makolo ena, kuti alole mwana wawo kupita ku Blantyre kukagona, amafuna munthu wofika pakhomo, wopereka moni mwaulemu, ngakhale wa Chiyao chochepa chabe. Kochi amene zonsezi akuziona ngati zosokoneza pulogalamu yake sakhalitsa, ndipo anyamata adzayamba kujomba mmodzimmodzi osanena chifukwa.

Mphunzitsi wa pasekondaleyo ndi amene komiti yanu ikumuona ngati wamba, chifukwa mwamuzolowera. Munthu amene mumamuona tsiku lililonse atanyamula thumba la mipira n'kovuta kumuona ngati bwana. Komatu Erik Spoelstra analowa ku Miami Heat mu 1995 ngati mnyamata wokonza matepi a vidiyo, anakwera pang'onopang'ono, n'kupatsidwa timu mu 2008. Chakumapeto kwa 2010, timu ili ndi LeBron James, Dwyane Wade ndi Chris Bosh, inayamba ligi mopepera, itapambana 9 n'kugonja 8, ndipo anthu ankafuula kuti achotsedwe. Pat Riley, mkulu wa timuyo, sanagwedezeke. Spoelstra anatenga zikho mu 2012 ndi 2013, ndipo mu 2024 anamuonjezera zaka zisanu ndi zitatu pa ndalama zoposa madola 120 miliyoni. Ndalama zazikuluzo zinabwera pambuyo, ntchito itaoneka. Detroit inalipira dzina ntchito isanaoneke. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Koma mphunzitsiyu naye ali ndi pomugwira. Ali ndi bwana wina kale. Akhoza kusamutsidwa ngati mmene wasamutsidwira kochi wanu wakale, nthawi ya mayeso a MSCE adzasowa, ndipo ayenera kugwirizana ndi akuluakulu a pasukulu pake kuti ntchito ziwirizi zisagundane. Komanso kukhala wachiwiri wabwino sikutanthauza kuti munthu angathe kuuza wosewera wokondedwa ndi masapota kuti lero sukuyamba. Zimenezi simungazidziwe pomufunsa mafunso mu ofesi atavala tayi.

N'chifukwa chake ndikuti onse atatu muwaone pabwalo. Aliyense mumupatse tsiku lake, ola limodzi ndi theka, osewera omwewo, mipira imene muli nayo, ngakhale ili inayi. Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka china pa timu ina imene ndinali m'komiti yake. Tinayesa anthu awiri. Woyamba anali ndi dzina, anafika ndi wezulo wonyezimira ndi tirakisuti ya timu yakunja. Anafoletsa anyamata 16 pamzere umodzi, mpira umodzi, aliyense azithamanga kukaponya layup, kuponya kodumphira pafupi ndi basiketi, n'kubwerera kumbuyo kwa mzere. Ndinayang'ana wotchi: mnyamata mmodzi ankagwira mpira kamodzi pa mphindi ziwiri, nthawi yotsalayo ataima, manja m'chiuno, akuyang'ana njinga zodutsa. Wina akaphonya, kochi ankangokuwa kuti tsegula maso. Mawa lake kunabwera wachiwiri, ndi kapepala kopindapinda m'thumba la malaya. Anawagawa atatuatatu, anajambula mizere ndi choko pasimenti, gulu lopanda mpira analipatsa ntchito ya mapazi. Panali mnyamata wina wamtali, wamanyazi, amene nthawi zonse ankadumphira phazi lolakwika. Kochiyo anagwada pa simenti yotentha ija, anagwira phazi la mnyamatayo ndi dzanja n'kuliika pamalo pake, kenako anati, “Bwerezanso, usathamange, kumanja, kumanzere, m'mwamba.” Kachitatu mpira unalowa. Pomaliza ankadziwa mayina a anyamata onse. Komiti inasankha woyamba uja chifukwa wothandiza timu ankafuna dzina loti alitchule pa wailesi. Ine ndinatsutsa koma mavoti anandichepera. Pa mwezi wachisanu malipiro atachedwa anachoka, n'kutenga osewera atatu amene anabwera nawo, ndipo tinatsala ndi ngongole ya nyumba. Mnyamata wamtali uja anali atasiya kale kubwera. Mpaka lero ndimamuganizira.

Ndiye mukakhala m'mbali mwa bwalo musamamvere kukula kwa mawu. Onani ngati wabwera ndi pulani yolemba. Sankhani wosewera mmodzi wofooka, muzimutsatira ndi maso, muwerenge kuti wagwira mpira kangati ndipo kochi wamulankhula kangati. Onani ngati akukumbuka zopumitsa anyamata kuti amwe madzi. Onani ngati akuphunzitsa kutchinga munthu ndi munthu, kapena akungowaimika mu zone, aliyense n'kumangolondera dera lake, kuti abise ulesi wa mapazi. Zone imapambanitsa masewero a msanga, koma mwana amene sanaphunzire kutchinga munthu wake sadzapita patali. Kumapeto mupatseni mayeso awa: kwatsala masekondi 12, mukutsalira ndi mapointi awiri, mwaitanitsa timeout, nthawi yoimitsa gemu kuti kochi alankhule ndi osewera. Timeout ndi mphindi imodzi yokha. Ajambule, afotokoze, anyamata akachite. Mudzaona nokha ngati mawu ake amalowa m'mitu ya osewera mtima uli m'mwamba. Mukatero imbirani foni anthu amene anagwirapo naye ntchito, koma osati okhawo amene iye wakupatsani. Funani wosewera amene ankakhala pa benchi pa timu yake yakale, ndi msungichuma wa timuyo. Wa pa benchi adzakuuzani ngati munthuyu ndi wachilungamo, msungichuma adzakuuzani mmene amagwirira ndalama za ulendo. Popeza muzidzatenga ana a sukulu, funsaninso mosapita m'mbali za khalidwe lake pa ana. Pamenepa pokha musachite manyazi. Mapepala a ukochi muwaone ndithu, ndipo mukhoza kufunsa ku BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'Malawi muno, ngati ali enieni, koma pepala limangosonyeza kuti munthu anakhala m'kalasi.

Ngati mphunzitsiyo achita bwino pabwalo, ine ndingapange chonchi. Iye akhale kochi wamkulu pa K350,000 pamwezi, zimene pamodzi ndi penshoni zikukwana K4.62 miliyoni pachaka. Kaputeni akhale wachiwiri pa K150,000, pachaka pafupifupi K2 miliyoni. Pa K7.5 miliyoni ija patsala ngati K900,000 ya mabonasi. Kochi wa mumzinda uja musamutaye: mupanganeni kuti azibwera kudzachititsa kampu ya sabata imodzi ligi isanayambe ndi ina pakati pa ligi, mumulipire pa ntchito imeneyo yokha kuchokera ku thumba la zokonzekera. Mukatero mwapeza kalumo kake kakuthwa kaja popanda kusenza nyumba yake ndi miyezi 24. Sponsa naye apeza dzina loti ajambulitse nalo. Koma ngati pabwalo paoneka poyera kuti wa mumzindayo ali patali ndi anzakewo, ndipo wavomera kusamuka, muuzeni sponsa kuti malipiro a munthu ameneyu awaonjezere pamwamba pa K30 miliyoni, alembe, asaine. Akakana, ndiye kuti nayenso waona kuti mtengowo ndi wolemera.

Za bonasi, musaimangirire pa chikho chokha. Kochi amene ndalama yake ili pa kupambana basi adzaseweretsa anthu asanu omwewo mphindi 40 zonse, adzabweza pabwalo mnyamata wovulala, ndipo ana sadzaponda. Gawani: ina ikhale ya malo amene timu yathera mu ligi, ina ya chiwerengero cha achinyamata osapitirira zaka 18 amene alowa mu timu yaikulu n'kuseweradi, ina ya kusajomba kwa osewera ku zokonzekera. Pezani mwana wa sukulu wokonda masamu azilemba pa gemu iliyonse mipira imene mwataya, ma free throw (mipira yoponya popanda wokutchinga, mdani akakulakwira) amene mwaponya ndi amene alowa, ndi ma rebound (mipira yowakha itaphonya basiketi). Manambala amenewa ndi amene adzakuuzeni ngati timu ikukula, ngakhale mwezi umene mukugonja.

Kontirakiti ikhale yolemba, ndipo ndingakonde ikhale ya chaka chimodzi, yokhala ndi mawu akuti zinthu zakutizakuti zikakwaniritsidwa idzaonjezeredwa chaka china pa malipiro okwera. Musasaine nthawi yopitirira pangano lanu ndi sponsa, ndipo panganolo nalonso likhale papepala. M'kalata yanu mwati walonjeza, simunati wasaina. Mulembemo kuti mukasiyana nthawi isanakwane mudzamupatsa malipiro a miyezi ingati, kaya iwiri kaya itatu, kuti nonse mudziwiretu. Popanda mawu amenewa akhoza kukasuma kuti mumulipire miyezi yonse yotsala. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limafuna kuti pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka ndiponso apatsidwe mpata wodziteteza, ndipo bwalo la Industrial Relations Court limamva milandu yotere kaya wolemba ntchitoyo ndi kampani kaya ndi timu ya mpira. Kugonja masewero atatu n'kumuchotsa pa WhatsApp usiku ndi njira yachidule yopitira kumeneko. Pitani ku ofesi ya zantchito pa boma pompo akuonereni pepalalo musanasaine. Nenaninso momveka ngati ndalama mwatchulayo ndi yoti msonkho wa PAYE uchotsedwepo kapena ndi yolowa m'thumba, chifukwa mkangano woyamba umabuka pa malipiro oyamba enieniwo. Muikemo tsiku loonanso malipiro pakatha miyezi 12. Tonse tikukumbuka November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, malipiro a dzulo n'kusanduka nthabwala pamsika. Ndipo tsiku lina mukadzafuna kochi wochokera ku Zambia kapena ku Mozambique, kumbukirani kuti amafunika chilolezo chogwirira ntchito cha ku Immigration, ndipo musavomere kumulipira m'madola.

Chinthu china chimene chiyenera kulembedwa, ngakhale chimaoneka chaching'ono, ndi mphamvu zake. Amene asankhe osewera 12 a pa gemu ndi asanu oyamba ndi kochi, osati wapampando, osati sponsa, osati mlamu wa sponsa. Ndaonapo kapepala kakuchoka ku mipando ya alendo olemekezeka kupita ku benchi gemu ili mkati, kolembedwa nambala ya jezi ya mwana wa bwana. Kochi anakawerenga, anakapinda, n'kulowetsa mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo osewera anadziwa kuti mawu ake si omaliza, ndipo palibe anamumveranso. Inu a Tcheya ntchito yanu yaikulu mukamaliza kulemba munthu ndi kuima pakati pa iye ndi phokoso, ngati mmene Riley anaimira. Muzikumana naye kamodzi pamwezi, awiri kapena atatu, manambala ali patebulo. Zodandaula za komiti zizidzera kwa inu.

Ndipo mumulipire pa tsiku lake. Kochi wa K350,000 yofika pa 28 mwezi uliwonse amagwira ntchito kuposa wa K900,000 yobwera mwa apo ndi apo. Ndinakhalapo miyezi itatu osalandira, ndikuimabe pabwalo madzulo alionse, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira kuuza anyamata kuti alimbikire pamene m'thumba muli uthenga wa mwini nyumba. Osewera amaona, ndipo amayamba kufunsa kuti ngati akochi sakulandira, ife tidzalandira? Choncho musanalengeze dzina la aliyense, pemphani sponsa aike ndalama za miyezi itatu ya malipiro a makochi ndi osewera mu akaunti ya timu ku banki, yosainira anthu awiri kapena atatu, ndipo ndalama zizibwera pa miyezi itatu iliyonse, nthawi isanakwane. Bizinesi ya kunyanja ili ndi nyengo zake, miyezi ya mvula alendo amachepa, ndiye ndi bwino mugwirizane masiku operekera ndalama poyang'ana nyengo zimenezo. Malipiro azidutsa ku banki kapena pa foni kuti pazikhala umboni, osati mu envelopu pa bwalo.

Kaputeni wanu uja mukamuuze nokha, pamaso, komiti isanalembe chilichonse pa Facebook. Akamva kwa ena adzapweteka mtima, ndipo masapota adzapita naye. Mupite kwawo madzulo, mukhale pansi, mumuuze chifukwa chake, ndipo m'manja mukhale muli kale kalata ya udindo wake watsopano ndi lonjezo lolemba lakuti maphunziro a ukochi akangoitanidwa, timu idzamulipirira ulendo ndi malo ogona.